Timamasiki ta ana ta kwa telala, ndatiyesa miyezi iwiri

Amayi anzanga, mwana wanga wa sitandade 3 nyengo yozizira ikangofika June uja chimfine sichimusiya, kalasi mwawo ndi odzadza heve, mmodzi akangoyamba kutsokomola basi sabata yomweyo onse ali mamina chuchuchu. Nde ndinapita kwa telala wina kumsika kwathu kuno kuti andisokere timamasiki ta saizi yake, chifukwa aku famase aja ndi aakulu, amasiya mpata m'masayamu komanso tsiku limodzi basi wataya.

Bambowa ntchito amaidziwa. Anasoka nsalu zitatu kuphatikiza, mkati kotoni wofewa kunja chitenje, ndipo anamuyeza kaye mwanayo kuchoka pamphuno mpaka kunsi kwa chibwano. Ndachapa kambirimbiri ndi sopo, kuyanika padzuwa nkusita, mtundu sunasuluke olo pang'ono. Chomwe chinandikhumudwitsa ndi lasitiki, yoyamba ija inali yothina moti kuseri kwa makutu kunatupa, mwana nkumangovula akafika pageti. Ndinabwerera, anandisinthira yofewa osalipitsanso, apo ndiye ndinawapatsa ulemu.

Ndinafuna kusoketsanso ka mng'ono wake wa zaka 3 koma ndinasiya, a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati ana a zaka 5 kutsika m'munsi asamakakamizidwe kuvala masiki. Wamkuluyonso akamasewera mpira ndimamuuza avule, ikanyowa ndi thukuta asinthe. Sokani zinayi kapena zisanu, ziwiri sizikwana, kamodzi kamasowa pa buleki ndithu.