Tsamba losatha, masamba a manambala, kapena batani?

Mawebusaiti amationetsa mndandanda wautali m'njira zitatu. Pali ija ya Facebook ndi TikTok, yoti ukamatsitsa ndi chala zinthu zimangobwera osaleka, imene amaitcha infinite scroll. Pali ya masamba a manambala, 1, 2, 3, kumunsi. Ndiye pali batani la Load more, loti ukadina m'pamene zina zimabwera. Zonsezi ndimazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma sizifanana mpang'ono pomwe.

Tsamba losatha ndi lokoma ukakhala m'minibasi, dzanja lina wagwira chikwama, chala chimodzi chokha chikugwira ntchito. Ubwino wake ndi womwewo basi. Aza Raskin, yemwe amatchulidwa kuti anayambitsa njirayi mu 2006, pambuyo pake anadandaula poyera poona nthawi imene imadyera anthu.

Ine chimene chimandipweteka kwambiri si nthawi ayi. Tsiku lina mnzanga wosaona, amene amagwiritsa ntchito kompyuta ndi NVDA, pulogalamu yaulere yomuwerengera mokweza zimene zili pa sikirini, ankafuna nambala ya foni ya sitolo ina, ndipo nambalayo inali kumapeto kwa tsamba. Mausi sagwiritsa ntchito, amayenda ndi batani la Tab pa kiyibodi. Akati wayandikira pansi, katundu wina n'kutulukira, mawu aja n'kuyambanso kutchula nsapato ndi mitengo yake. Anadina End, tsamba linangotalika. Ndinakhala pambali pake ndikumvetsera, mpaka anagwa ulesi n'kutseka. Munthu amene manja ake amanjenjemera, kapena amene amakulitsa zilembo kuti aone bwino, amakumana ndi zofananazo.

Ngakhale oona bwinofe timavutika nalo. Watsika kutali, watsegula chinthu chimodzi, pobwerera nthawi zambiri umapezeka uli pamwamba penipeni ngati sunayambe. Ctrl+F, yofufuzira mawu patsamba, imangopeza zokhazo zimene zatseguka kale. Foni ya RAM yochepa imayamba kukakamira chifukwa zithunzi zikungounjikana, kwinaku bandulo ikutha pa zinthu zimene sunapemphe.

Masamba a manambala amaoneka achikale, koma amakusungira malo. Ukadziwa kuti ntchito imene unaiona ili patsamba 4, mawa ubwerera pomwepo, ndipo link yake ukhoza kutumizira m'bale wako pa WhatsApp iye n'kupeza zomwezo. Wogwiritsa ntchito TalkBack kapena VoiceOver, mapulogalamu owerengera osaona pa foni, amadziwa poyambira ndi pothera. Ngakhale Google, imene inayesa tsamba losatha pa zotsatira za kufufuza kuyambira mu 2021, inayamba kulisiya mu June 2024. Pongovuta ndi pa foni: manambala aja amakhala timating'ono tothithikana, ukafuna 3 chala chimagunda 4, ndipo netiweki ikafooka tsamba lililonse limafuna kudikira.

Batani lija la Load more lili pakati. Zinthu zimabwera ukazifuna, bandulo umailamulira wekha, ndipo kumunsi kwa tsamba kumafikika chifukwa sikuthawa. Koma liyenera kupangidwa bwino. Ukadina, pulogalamu yowerengera wosaona iyenera kupita pa chinthu choyamba chatsopano, osati kumubweza pamwamba kuti amvetserenso zonse. Ambiri opanga mawebusaiti amaiwala zimenezi, ndipo vuto lotaya malo pobwerera limakhalapobe.

Ndiye ine ndimasankha chonchi. Pofufuza ntchito, nyumba ya lendi kapena nkhani yakale, masamba a manambala alibe mnzake. Poyang'ana katundu pa foni, batani ndiye labwino. Tsamba losatha ndimalilola pocheza pokha, pomwe palibe chimene ndikusaka. Mukakakamizika kufufuza pa tsamba lotere, musadine chinthu mwachindunji: pa kompyuta gwirani Ctrl podina link, pa foni dinikizani kwa kanthawi n'kusankha kutsegula mu tab yatsopano, kuti mndandanda wanu ukhale pomwe munausiya.