Wojambula makava a makomiki akale ku Kapata, ntchito yake ndi yabwino koma konzekani kudikira

Ngati mukufuna chithunzi cha Superman chokhala ndi nkhope yanu choti mutenge lero lomwe, kwa mnyamata uyu musapiteko mudzangokwiya chabe. Koma ngati mumakonda makava (zikuto) a makomiki akale aja, timabuku ta nkhani za zithunzi, ndipo mukufuna munthu woti akujambulireni bwinobwino ndi dzanja lake, mzere ndi mzere, ine muno mu Chipata sindinaonepo wina womuposa. Ali ndi kashopu kakang'ono mbali ya msika wa Kapata, ntchito imene imamudyetsa ndi fotokope, kupulinta ma CV ndi makhadi a ukwati, zojambulazi amachita pakati pakati makasitomala akachepa komanso usiku kunyumba.

Choyamba ndinene kuti si za fyuluta izi. Masiku ano aliyense ali ndi ka app kotenga chithunzi chako nkukusandutsa katuni, ndipo ena akulipiritsa anthu ndalama pa zimenezo, nkhope imatuluka yosalala ngati ya chidole, zala zina zisanu ndi chimodzi. Uyu ayi. Amatsegula kava yakaleyo mbali imodzi ya sikirini, mbali inayo pepala loyera mu Krita, pulogalamu yaulere ija, nkuyamba ndi sikechi pa ka tabuleti kake ka Huion kopanda sikirini, kaja umajambula pansi maso ali pa laputopu. Ndinamupempha kuti andionetse ndipo sanavute, anazimitsa ma layer limodzi limodzi ndikuona ndekha, pansi penipeni pali mizere ya buluu yoyesera, pamwamba pake inki yakuda, kenako mitundu, kenako timadontho. Munthu wakuba ntchito ya makina sangakuonetse zimenezo.

Kava yoyamba ndinaodera achimwene anga amene amayendetsa Canter yonyamula nshawa mumsewu wa ku Lundazi. Tinasankha Action Comics nambala 1 ya June 1938, momwe Superman anaonekera koyamba, yojambulidwa ndi Joe Shuster, ija Superman wanyamula galimoto yobiriwira pamwamba pa mutu akuimenyetsa pa thanthwe anthu akuthawa. Mnyamatayu anachotsa galimotoyo nkuikapo Canter ya achimwene ndi matumba a nshawa akugwa kumbuyo, koma kapendekeke kake ndi komwe kaja, mtundu wobiriwira womwe uja, ngakhale tayala lija loguluka lili pamalo pake. Munthu uja wa pakona ya m'munsi kumanzere amene wagwira mutu ndi manja awiri akuthawa anamusiya momwemo, anangomupatsa nkhope ya lole boyi wa achimwene, ndipo atachiona onse awiri anaseka mpaka misozi. Pamene panalembedwa 10¢ iye analemba 10n, ngwee khumi. Kabuku kameneka kankagulidwa masenti 10 basi koma mu 2024 kope imodzi inagulitsidwa madola 6 miliyoni ku America, ndiye mukaona anthu padziko lonse akuijambula mobwereza kava imeneyi musadabwe.

Pomwe ndinamugonjera kwambiri ndi pa mitundu, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pomwe pali kusiyana kwa iye ndi anzake. Makomiki a nthawi imeneyo ankapulintidwa ndi inki zinayi chabe, yabuluu, yofiirira, yachikasu ndi yakuda, masamba a mkati pa pepala lotchipa la nyuzipepala. Inki zitatu za mitunduzo ankaziika kaya kota, kaya theka, kaya yonse, kaya osaika nkomwe, ndiye mukawerengera mitundu yonse imene wojambula anali nayo inali 64 basi. Kuti mtundu uoneke wopepuka ankagwiritsa ntchito timadontho ting'onoting'ono timene amati Ben-Day, ukayandikitsa diso umationa. Makinawo nawo sankalondola kwenikweni, mtundu umatha kutuluka kunja kwa mzere wakuda pang'ono. Mwachitsanzo Hulk, chimphona chija cha m'makomiki, mu nambala yake yoyamba ya 1962 anali wotuwa, koma mtundu wotuwawo unkavuta populinta, tsamba lina wakuda tsamba lina wowala, basi nambala yachiwiri anamusandutsa wobiriwira mpaka lero. Mnyamatayu zonsezi amazidziwa ndipo anadzipangira bokosi la mitundu 64 yomweyo mu kompyuta yake, safuna kutulukamo. Amasunthanso dala layer ya mtundu wofiira pang'ono kwambiri kuti iphonye mzere, pepala nkulipatsa kachikasu ka ukalamba. Ukaima patali umalumbira kuti ndi chinthu cha zaka 80 zapitazo.

Malo amodzi okha ndi pomwe amaswa lamulo lakelo, pa khungu lathu. Anandiuza yekha kuti, akulu, mitundu imeneyi sinapangidwire ife, ndipo akunena zoona, mukaona anthu akuda m'makomiki akale ambiri khungu lawo limaoneka lotuwa ngati munthu wodzola phulusa. Iye amasakaniza bulauni wakewake, kenako timadontho tofiira ndi tachikasu pamwamba kuti asasiyane ndi chithunzi chonse, ndipo amasiyanitsa munthu wakuda bii ndi woyererako, osati onse mtundu umodzi. Achimwene anatuluka achimwene enieni, ndi kachipsera kawo ka pachipumi komwe. Pa ichi chokha ndalama yanga sindikuidandaula.

Yachiwiri inali ya mwana wa mlongo wanga amene wapenga ndi Spider-Man. Tinatenga Amazing Fantasy nambala 15 ya August 1962, Spider-Man akuuluka pa ulusi wake atapanira munthu m'khwapa. Kava imeneyi pensulo yake ndi ya Jack Kirby, inki ndi ya Steve Ditko, ndipo nkhani yake njoti Ditko anajambula yake poyamba koma mkonzi wawo Stan Lee sanaifune nkuuza Kirby ajambule ina. Nyumba zazitali za kumbuyo mnyamatayu anazisintha kukhala za ku Down Shops ndi nsanja za mzikiti zikuonekera, pansi anyamata a njinga onyamula anthu akuyang'ana kumwamba, pamenepo anachita bwino zedi. Vuto linali nkhope. Spider-Man amavala chigoba mutu wonse ndiye mwana aoneka bwanji? Tinakambirana nthawi yaitali, iye ankafuna chigoba chikhale chonse dzina la mwana lingolembedwa pamwamba, ine ndimati mwana wa giredi 3 akufuna kudziona yekha. Anachita zofuna zanga, chigoba anachikweza mpaka pachipumi, mwana anakondwa kwambiri koma kunena chilungamo pa ziwirizi iyi ndi yofookerapo, khosi linatalika ndipo mutu ukuoneka ngati wabwera kuchokera pa chithunzi china. Nkhope za ana sanazigwire bwino ngati za akuluakulu, amazikulitsa msinkhu.

Mawu a m'mabaluni aja osonyeza zimene munthu akuyankhula amawalemba m'Chichewa mukafuna, ndi dzanja osati font, ndipo zimakoma kuwerenga. Kungoti mawu athu ndi aatali, baluni imadzaza msanga zilembo nkuyamba kupanikizana kumapeto. Muuzeni mawu ochepa, ndipo muwerenge bwino asanapulinte chifukwa pa sipelo amathamanga.

Manje zodandaula zenizeni. Nthawi sasunga. Akakuuzani sabata imodzi inu werengerani zingapo, ndipo chimene chinandipweteka ine si kuchedwako koma kukhala chete, umatuma uthenga pa WhatsApp waonedwa koma yankho kulibe mpaka upite wekha. Ndikudziwa malaiti amavuta, laputopu yake batire inatha kale moti akangopita malaiti nayo yazima, nthawi zina amapitiriza pa foni ndi ibisPaint koma zimenezo nzosachedwa kutopetsa maso. Zonsezo ndikumva, koma kasitomala amene wapereka dipoziti ayenera kuuzidwa kuti zinthu zili pati, mawu awiri okha akwana. Ngati ndi mphatso ya tsiku lobadwa odani mwezi wathunthu tsikulo lisanafike.

China ndi kupulinta. Pulinta yake imafika A4 basi, A3 amakapulintitsa kwina, ndipo kumeneko ndi komwe zinthu zimasokonekera. Sikirini imaonetsa mitundu ndi kuwala, RGB, pomwe pepala limalandira inki, CMYK, ndiye buluu wa malaya a Superman amene pa laputopu anali wowala bwino anatuluka wopita ku pepo. Anabwereza yekha osandilipiritsa kawiri, ulemu wake pamenepo, koma akanayamba ndi kapepala koyesera sitikanataya nthawi. Anapulintanso pa pepala lonyezimira la mafoto lija, lomwe likuphanso ntchito yake yomwe, wavutika kukalambitsa chithunzi kenako nkuchiika pa pepala lowala ngati kalendala. Nenani kuti mukufuna pepala losanyezimira, lolimba, ndipo failo ikhale ya 300 dpi, muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi populinta, kuti timadontho tija tisasanduke phala. Failoyo mupemphenso akutumizireni ngati document, mukailandira ngati chithunzi wamba pa WhatsApp imafinyidwa.

Pali chinthu china chimene ena amamuda nacho koma ine ndikumuikira kumbuyo. Amakana kupulinta zambiri. Wina anabwera ine ndili pompo akufuna Black Panther pa ma T-shirt ambirimbiri oti akagulitse, iye anati ayi amalume, ndimajambulira munthu mmodzi chithunzi chimodzi cha pakhoma pake. Anthu awa ali ndi eni ake, Spider-Man ndi Black Panther ndi a kampani ya Marvel imene Disney inagula mu 2009, Superman ndi Batman ndi a kampani ya DC. Ngakhale Superman woyamba uja wa 1938 sanamasukebe, ku America adzakhala wa aliyense mu 2034. Ndipo pansi pa chithunzi chilichonse amayamba kulemba dzina la mwini kava, Shuster kaya Kirby, lake limabwera pambuyo. Amene amadziwa kuti Jerry Siegel wolemba nkhani ndi Joe Shuster wojambula, amene anamuyambitsa, anagulitsa Superman pa madola 130 okha nkukhala zaka zambiri akuvutika dzina lawo litachotsedwa, amvetsa chifukwa chake kadzina kameneko nkofunika.

Chokhumba changa nchakuti asathere pa makava a anthu ena. Mu foda ina anandionetsa munthu wakewake, mtsikana wonyamula chishango ndi nkholi ngati impi za pa Nc'wala ku Mtenguleni, wojambulidwa mu sitayilo ya 1966 nthawi imene Black Panther anatulukira mu Fantastic Four nambala 52, ndipo ndi chabwino kuposa zonse zimene anandijambulira ine. Akuti alibe nthawi yochimaliza poti palibe amene akulipira. Ndinamufunsanso za Gule Wamkulu, anati zimenezo sazisandutsa kositiyumu ya munthu wa mukomiki, nzolemekezeka, ine ndinagwirizana naye.

Mtengo amaona kuchuluka kwa ntchito, kava ya munthu mmodzi ndi yotchipirapo, ya anthu ambiri ngati za X-Men zija imakwera chifukwa nkhope iliyonse ndi ntchito payokha. Theka mumapereka poyamba, pa mobile money amalandira, felemu ndi yanu mukagule nokha. Mupite ndi zithunzi zingapo za munthuyo zojambulidwa panja masana, chakutsogolo ndi chammbali, osati selfie ya usiku yodzaza fyuluta. Kava musankhe nokha musanapite, ndipo sikechi ya buluu ija akakutumizirani muiyang'anitsitse nkunena zonse zofuna kusintha pomwepo, akangothira inki kusintha kulikonse amalipiritsa padera.