Sufix 832 wa mapaundi 20: twaini wabwino kwa owedza pa kayaki m'malo a zitsa

Twaini uyu ndakhala ndikuwedzera nsomba za bass ku damu la Inanda, kufupi ndi Durban, ndipo ndingamugulenso osaganiza kawiri. Ndi wamtundu woluka uja amati braid. Nambala ya 832 ikunena za kalukidwe kake: timaulusi 8, tisanu ndi tiwiri ta mtundu wa ulusi wotchedwa Dyneema ndi kamodzi ka mtundu wotchedwa GORE, tolukidwa ka 32 pa inchi iliyonse. Amatuluka bwino pa reel (chokulungira twaini pandodo), ndipo nyambo yapulasitiki yopepuka imafika patali popanda kuvutikira.

Chachikulu n'chakuti satamuka ngati nayiloni. Nyambo ikagunda nthambi pansi pa madzi umamva m'manja, ndipo posakhalitsa umayamba kusiyanitsa mtengo ndi nsomba. Bass ikangoluma imathamangira kuchitsa kukadzikulunga, ndiye mpata woitembenuza ndi wochepa kwambiri. Ndi nayiloni, pamene ukukoka kuti twaini akungike, iyo yalowa kale m'nthambi.

Anzanga owedza pa maboti a injini amandiuza kuti m'mitengo muyenera twaini wopirira kulemera kwa mapaundi 50. Kwa iwo n'zoona. Pa kayaki, kabwato kakang'ono kopalasa, ndi nkhani ina. Mbedza ikakodwa pachitsa, sindiwe amene umakoka chitsacho, ndi chitsa chimene chimakoka iwe, chifukwa kabwatoka n'kopepuka ndipo ulibe popondera. Ukalimbikira uli chopendekeka, twaini n'kuduka mwadzidzidzi, ukasamba usanakonzeke, ndodo ndi foni zomwe. N'chifukwa chake ine ndinaima pa mapaundi 20, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 9, ndipo kumapeto ndimalumikiza mita imodzi ndi theka ya twaini wina wooneka ngati nayiloni, wotchedwa fluorocarbon, wa mapaundi 12 kapena 15. Wakumapetoyu ayenera kukhala wofookerapo mwadala, kuti zikavuta aduke iyeyo, utaye nyambo yokha osati twaini wambiri wotsala akuyandama m'damu kukola mbalame.

Fluorocarbon ali ndi ntchito inanso. Braid aliyense, kaya ndi wa kampani iti, sagwirizana ndi miyala yakuthwa akakhala wokungika, amanyotsoka n'kuduka. Fluorocarbon amapirira kukhulika, amamira, ndipo m'madzi oyera saonekera kwambiri. Polumikiza awiriwa ndimamanga mfundo ya FG chifukwa ndi yowonda, imadutsa m'mphete za ndodo osagwira. Koma imangidwe kunyumba. Kuyesa kuimanga mphepo ikukankha bwato n'kudzivutitsa chabe, pamadzi mfundo yosavuta ya double uni imakwanira.

Nyambo ikakodwa, yambani mwapalasa kupita mbali ina ya chitsacho, nthawi zambiri imamasuka yokha. Ikakana, musakulunge braid kuchala, amacheka mpaka magazi. Ine ndimayenda ndi kamtengo kakafupi kokulungapo, n'kuloza mphuno ya kayaki kumene kwakodwako ndisanakoke.

Mtengo wake ndi wokwera kuposa nayiloni, zimenezo n'zosabisa. Sindidzaza reel yonse ndi iyeyu: pansi ndimayamba ndi nayiloni wotsika mtengo, amene amathandizanso kuti braid asaterereke pa spool, pamene twaini amakulungidwapo. Kutsogolo kukayamba kuchita ubweya ndimadulako mamita angapo, ndipo nyengo ikatha ndimamutembenuza kuti mbali imene inali pansi ibwere pamwamba.

Amene mukufuna nsomba za mcheni ku Zambezi, onjezani kawaya kutsogolo kwa nyambo. Mano ake fluorocarbon wa mapaundi 15 sangawapirire.