Mkati mwa Toyota Prado 150 Patatha Chaka Tikuyenda Nayo

Prado yathu ndi TX-L ya 2018, ya injini ya dizilo ya malita 2.8, ndipo tinaitanitsa ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam. Patha chaka ndi miyezi ingapo ikunyamula banja lathu, ndipo ndinganene mosakayika kuti paulendo wautali imasamala bwino anthu asanu okha, ngakhale ili ndi mipando 7.

Mipando yakutsogolo ndilibe nayo dandaulo. Ndi yachikopa, imatenthetsa komanso imatulutsa kamphepo kumsana, ndipo zonse ziwirizi zili ndi ntchito kuno kwathu: m'mawa wa mu June podutsa m'nkhungu ya ku Chikangawa mumafuna kutentha, pamene mu October potsikira ku Chikwawa kamphepo kaja ndi kamene kamaletsa malaya kumatirira kumsana. Mpando wapakati umasunthira kutsogolo kapena kumbuyo ndiponso umapendekeka, moti agogo a ana, amene bondo limawavuta, amafika ku Mzuzu kuchokera ku Lilongwe osapempha kuti tiime awongole miyendo. Pamaenje a mumsewu wa M1 galimotoyi simagwedeza anthu mopweteka, koma popeza ndi yaitali, imapendama pamakona a ku Chiweta, ndipo ana okhala kumbuyo amachita nseru woyendetsa akapanda kuchepetsa liwiro.

Vuto lenileni lili pamipando iwiri yakumbuyo kwenikweni. Pansi pake ndi pokwera, choncho munthu wamkulu amakhala mawondo ali m'mwamba ngati wakhalira kampando ka kukhitchini, ndipo mpweya wozizira umafikako mochedwa. Mukaidzutsa mipandoyo, malo a katundu amatsala ochepa kwambiri, okwana zikwama ziwiri zazing'ono; thumba la chimanga la makilogalamu 50 limene achibale amakupatsirani kumudzi silingalowe popanda kupinda mpando umodzi. Popita kutchalitchi kapena kusukulu ndi ana aang'ono mipando iwiriyi imathandiza ndithu, ndipo imapindika yokha mukangodina batani.

Chitseko chakumbuyo chimatsegukira m'mbali, ndiye chimafuna malo. Mukaimika moyandikana ndi khoma kapena galimoto ina, mumangotsegula galasi lake lokha n'kulowetsa zinthu zing'onozing'ono. Fumbi la mumisewu yadothi limakonda kuunjikana m'mphepete mwa chitsekochi, koma mkati sililowa bola mawindo atsekedwe ndipo sefa ya mpweya izisinthidwa nyengo ya chilimwe ikatha. Chikopa sichinang'ambike, kungoti cha mpando wa woyendetsa chayamba makwinya mbali imene munthu amatsetserekera potsika.

Amene akuitanitsa ku Japan adziwiretu za wailesi. Zolembedwa pasikirini yake ndi za Chijapani, mapu ake ndi a ku Japan, ndipo FM yake imayambira pa 76 n'kulekera pa 90, pamene wailesi zambiri za kuno zimamveka kupitirira pamenepo. Ife tinachotsa yonseyo n'kuikamo ina yolumikizana ndi foni, ndipo ndalama imeneyo ndi yofunika kuiwerengera pamodzi ndi mtengo wa galimoto komanso msonkho wa MRA musanagule.