Chomangira dzanja cha m'mafamase: chimathandiza, koma wongolani kachitsulo kaye

Atelala, oluka tsitsi ndi otaipa pa kompyuta tsiku lonse muno mu Lilongwe amabwera ndi dandaulo limodzi: dzanzi usiku m'chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala chovala mphete, kachala kakumapeto kali bwinobwino. Mtsempha wotchedwa median nerve umakhala wapanikizika pamfundo ya dzanja. Ambiri amathamangira ku famase ku Old Town kapena ku City Centre kukagula chomangira dzanja chakuda chija, chokhala ndi kachitsulo ka aluminiyamu kunsi ndi malamba omata.

Chimagwira ntchito, koma osati mmene chimachokera m'paketi. Kachitsuloko kamabwera kopindika, kokweza dzanja m'mwamba, ndipo dzanja likapindika chotero mtsempha umafinyika kwambiri. Kasololeni m'kathumba kake, kawongoleni pakona ya tebulo mpaka dzanja ndi mkono zikhale mzere umodzi, kenako kabwezereni. Mangani mosathina, chala chimodzi chizilowa pansi pa lamba. Valani pogona usiku uliwonse kwa masabata 4 mpaka 6, chifukwa m'tulo ndi momwe dzanja limakhota munthu osadziwa.

Pa ntchito musachivale. Dzanja lomangidwa likamasoka zovala kapena kuluka tsitsi limalimbana ndi chitsulo, ululu n'kusamukira ku chigongono ndi phewa. Chofunika masana ndi kupumira pafupipafupi ndi kuchepetsa mphamvu yogwirira. Wofufuza za sayansi Mary Barbe wa ku Temple University ku Philadelphia, m'dziko la America, anaphunzitsa makoswe kukoka kachitsulo mobwerezabwereza kuti apeze chakudya. Patapita masabata mtsempha womwewu unatupa, mphamvu ya kugwira inatsika, ndipo zinaipa kwambiri pamene kukokako kunali kwamphamvu komanso kobwerezabwereza. Nsalu ndi chitsulo sizingachotse vuto ngati limeneli ntchito ikapanda kusintha.

Zofooka za chomangirachi zilipo. Zomangira za neoprene (nsalu yonga labala) zimatentha, mu Okutobala thukuta limabweretsa zidzolo, choncho sankhani zansalu yokhala ndi timabowo. Zomatira zimatola ubweya wa bulangete n'kusiya kugwira. Onaninso paketi, chifukwa zina ndi za dzanja lamanja kapena lamanzere lokha.

Dzanzi likakhala losachoka usana ndi usiku, kapena mnofu wa patsinde pa chala chachikulu ukayamba kuphwa, musadalirenso chomangirachi. Pitani ku chipatala, monga ku Kamuzu Central Hospital komwe kuli a fizio (akatswiri othandiza ziwalo pozilimbitsa ndi masewera), ndipo mukapemphenso kuyezedwa shuga.