Gitala yamawu okoma, koma bridge inamatuka waranti isanathe

Mmisiri wandibwezera gitala yanga sabata ino, ndipo ndalama zimene ndamulipira ndi zomwe zandikhazika pansi kuti ndilembenso. Nditangoigula ndinaiyamikira kwambiri. Tsopano papita miyezi ndikuiimba pafupifupi tsiku lililonse, ndiye pali zoti ndionjezere, makamaka kwa inu amene mukufuna kugula gitala yoyamba ya mawaya achitsulo.

Zabwino zake zidakalipo. Thabwa lapamwamba ndi la spruce lathunthu, osati timatabwa tomatikiza, ndipo mawu ake amamveka okhuthala kuposa mtengo wake. Zotchunira sizibwerera: ndikaika E, A, D, G, B, E madzulo, m'mawa ndimapeza zili pomwepo. Ma fret, tizitsulo topingasa pa khosi la gitala, sacheka zala m'mbali. Chikwama ndi chopyapyala, komabe zipi yake sinafe.

Vuto linabwera mwakachetechete. F, mmodzi mwa magwiridwe a mawaya angapo nthawi imodzi, amene ndinali nditayamba kumugwira bwino anayambanso kundivuta. Zala zinali zitalimba kale, koma dzanja linkatopa nyimbo isanathe, ndipo ndikakwera chakumtunda kwa khosi mawu ankamveka okwera pang'ono ngakhale nditatchuna bwinobwino. Nditayeza pa fret ya 12, mpata wa pakati pa waya wamkulu ndi fret unali utadutsa mamilimita 4. Pa gitala yokonzedwa bwino pamakhala pafupifupi 2.5 ku waya wamkulu ndi 2 ku waung'ono. Kusiyanaku n'kochepa pa lula, koma chala chimakumva. Komanso waya ukamatsika mtunda wautali chonchi kuti ufike pa fret umakokeka, n'chifukwa chake mawu ankakwera.

Ndinapita nayo kwa wogulitsa. Anapotoza truss rod, chitsulo chija chili m'kati mwa khosi, n'kundiuza kuti zatheka. Sizinatheke. Chitsulo chimenechi ntchito yake ndi kuwongola khosi likapindika, ndipo khosi langa silinali lopindika. Patapita masabata, ndikupukuta fumbi, ndinaona kamzere kakuda kumbuyo kwa bridge, kathabwa kamene mawaya amamangidwapo. Ndinatenga pepala n'kulilowetsa pamenepo. Linalowa osavuta. Bridge inali ikumatuka, kumbuyo kukunyamuka, mawaya n'kumakwera nayo.

Usiku umenewo ndinamasula mawaya onse, mtima ukuwawa. Mawaya a .012 mpaka .053 (kunenepa kwake m'mainchi) akatchunidwa amakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, usana ndi usiku, ndipo guluu wa pansi pa bridge amalimbana ndi mphamvu imeneyi. Ikamatuka mwadzidzidzi imatha kuchoka ndi nyama ya thabwa lapamwamba, ndiye kukonza kwake kumakhala nkhani ina.

Ulendo wotsatira kwa wogulitsa ndi umene unandikhumudwitsa kuposa bridge yeniyeniyo. Asanaiyang'ane n'komwe anati: “Achimwene, imeneyi mwaisunga padzuwa kapena ponyowa. Waranti sikhudza zimenezo.” N'zoona kuti kutentha kumafewetsa guluu ndipo chinyezi chimatupitsa thabwa. Koma yanga imagona m'chikwama, kutali ndi zenera, ndipo muli kachipangizo koyezera chinyezi kamene kamakhala pakati pa 45 ndi 55 peresenti, mlingo umene opanga magitala amalimbikitsa. Ndinawaonetsa, sanafune kumva. Chimene analola ndi kupala saddle, kachidutswa ka pa bridge kamene mawaya amatsamirapo, kuti mawaya atsike. Ndinakana. Kuti mawaya atsike milimita imodzi pa fret ya 12 pamafunika kuchotsa mamilimita awiri pa saddle, ndiye ikanatha pafupifupi yonse, bridge ikupitirizabe kunyamuka.

Masiku amenewo mukanandifunsa ndikanakuuzani kuti musaigule ngakhale akutsitsireni bwanji.

Mmisiri amene ndinamupeza ndekha ndi amene anandionetsa gwero lake. Anatenthetsa bridge pang'onopang'ono mpaka guluu atafewa, anaichotsa, n'kundiitana kuti ndione. M'mbali monse, pamene panayenera kukhala thabwa losapaka, panali vanishi wonyezimira. Guluu wa matabwa amagwira thabwa ndi thabwa. Pa vanishi amangokhala pamwamba. Ndiye kuti kuchokera ku fakitale bridge inkagwira pakati pokha. Anapala vanishi uja, anayeretsa mbali zonse ziwiri, anamata, n'kupana ndi zopanira, ndipo anaisiya kupitirira tsiku lathunthu asanaike mawaya. Anandiikira a .011, omwe amakoka mocheperako, n'kukonzanso mpata wa mawaya.

Nditaigwira ndinadabwa. Imalira bwino kuposa tsiku limene ndinaigula: mawu akutenga nthawi asanazilale, mabesi akumveka olemera, F akutuluka wopanda phokoso. Ndinaimba mpaka zala zitawawa, ndipo mkwiyo wonse unaphwa. Gitala imeneyi ndimaikonda, sindingabise, ndipo sindiigulitsa.

Koma lisiti la mmisiri lili patebulo. Ndikaphatikiza zimene ndinagulira ndi zimene ndakonzetsera, zikufika pa mtengo wa gitala yapamwambapo imene ndinaisiya poganiza kuti ndikupulumutsa ndalama. Ndinatumizira wogulitsa zithunzi za vanishi uja pamodzi ndi lisitilo. Anayankha kuti popeza yakonzedwa ndi munthu wina, waranti yatha, koma akhoza kundipatsa paketi ya mawaya. Vuto lochokera ku fakitale, waranti isanathe, ine n'kulipira ndekha: zimenezi sindikuzivomereza, ndipo mawayawo sindinapite kukatenga.

Ngati mtima wanu uli pa gitala ya mtundu umenewu, pitani ndi kapepala m'thumba, mukayese m'mbali monse mwa bridge musanapereke ndalama, ndipo muzibwereza kunyumba mwezi ndi mwezi. Mukafunsenso kuti bridge ikamatuka waranti isanathe wolipira ndani, ndipo yankho lake alilembe pa lisiti. Ine ndikadzafuna yachiwiri ndidzagula kwa wogulitsa wina.