Loji ya pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth: kodi wodwala khansa angagonepo?

Loji imeneyi ili pafupi ndi Ginnery Corner mumzinda wa Blantyre, mphindi zochepa pagalimoto kuchokera ku chipatala cha Queen Elizabeth, kumene anthu ochokera m'maboma ambiri a chigawo chakummwera amalandirirako mankhwala a khansa. Ndinagonako ndi azakhali anga omwe ndinkawadwazika pa nthawi ya chemotherapy (kulandira mankhwala opha maselo a khansa), ndipo ndikuona kuti malowa ndi abwino kwa wodwala amene akuthabe kuyenda yekha, koma sanakonzeke kulandira munthu wa pawilitcheya.

Tinapempha chipinda chapansi ndipo anatipatsa chimene chili moyang'anizana ndi poimika galimoto, popanda sitepe ngakhale imodzi. Mumzinda wa zitunda ngati Blantyre zimenezi si zazing'ono, pakuti munthu wochokera kolandira mankhwala amafika atalefuka, miyendo ikunjenjemera. M'chipindamo muli mabedi awiri, neti yopanda chiboo ndi firiji yaing'ono, ndipo magetsi akazima jenereta imayatsidwa msanga. Firijiyo ndi yofunika kwa amene apatsidwa mankhwala osungidwa pa madigiri 2 mpaka 8.

Chimene chinandikhudza mtima kwambiri ndi khalidwe la ogwira ntchito. Nditawafotokozera kuti fungo la mafuta onunkhira limawachititsa azakhali nseru, mayi wokonza m'zipinda anasiya kupopera zonunkhiritsa ndipo ankangokolopa, n'kutsegula mawindo ife tikachoka. Kukhitchini nako ankatiphikira phala pa nthawi iliyonse imene wodwala wamva njala, n'kulibweretsa likadali lotentha. Chakudya chophikidwa kumene n'chofunika chifukwa chemotherapy imachepetsa maselo oyera a m'magazi, omwe amateteza thupi ku matenda, makamaka pakati pa masiku 7 ndi 14 chilandirireni mankhwala, ndipo nthawi imeneyo kachilombo kochepa ka m'chakudya chogona kangamugwetse munthu.

Vuto lili kubafa. Chitseko chake n'chopapatiza moti wilitcheya singalowe, pomwe khomo loyenera limafunika kukhala la masentimita 80 kapena kuposerapo. Polowera mushawa pali kakhoma kofunika kukalumpha, matailosi amaterera akanyowa, ndipo palibe chitsulo chogwirira pakhoma kapena pambali pa chimbudzi, chomwenso n'chachifupi kwambiri kwa munthu wovutika kudzuka. Anatibwereka mpando wapulasitiki kuti azakhali azisamba atakhala, ndipo tinathokoza, koma mpando wotere umasuntha pa matailosi onyowa, choncho ndinkayenera kuwagwirizira nthawi yonse. Izi zimamuchotsera ulemu munthu wamkulu amene akanatha kusamba yekha pakanakhala zogwirira, ndipo n'zomvetsa chisoni poti kuziika sikungadye ndalama zambiri.

Amene akufuna kusungitsa chipinda pano, kapena pa loji ina iliyonse, asakhutire ndi yankho la pafoni lakuti malo ndi abwino kwa odwala. Apemphe kuti awatumizire zithunzi za bafa pa WhatsApp ndi kuwayezera khomo lake. Afunsenso za galimoto ya usiku, pakuti kutentha thupi kofika madigiri 38 kwa wolandira chemotherapy kumafuna kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuche. Lojiyi ilibe galimoto yakeyake, koma alonda a pageti ali ndi manambala a oyendetsa matakisi amene amayankha ngakhale pakati pa usiku.